Wodwala Maganizo Akamafunidwa ndi Dziko Lina



Lero ndafuna kuti tilingalire pamodzi nkhani imene poyamba ingaoneke ngati ya maloya okha. Koma mukaisenda bwino mupeza kuti mkati mwake muli funso lakale kwambiri: kodi munthu amene maganizo ake asokonezeka, tingamuchite zonse zimene timachita munthu wabwinobwino? Ndikunena za munthu woganiziridwa kuti anapalamula mlandu m'dziko lina, pamene iye akukhala m'dziko linanso, ndipo dziko lolakwiridwalo likupempha kuti amtumize akayankhe mlanduwo. Pa Chingerezi mchitidwe umenewu amautcha extradition. Ife tilibe liu limodzi, choncho ndizingonena kuti kubweza kapena kupereka woganiziridwa. Ambiri tinayamba kumva za zimenezi pamene dziko la South Africa linapempha Malawi kuti abweze Shepherd Bushiri ndi mkazi wake, amene anafika kuno mu Novembala 2020. Nkhani yanga si imeneyo ayi. Ndaitchula kuti mudziwe mtundu wa milandu imene ndikukamba.

Makolo athu ankaudziwa mwambo umenewu asanaone bwalo la njerwa. Mnyamata akaba mbuzi n'kuthawira kwa amalume ake tsidya la mtsinje, mfumu inkatuma nthumwi kwa mfumu inzake, ndipo mfumu yolandirayo sinkafuna kutchuka kuti mudzi wake ndi phanga la mbala. Mlandu suola, ankatero. Maiko nawonso amapangana chimodzimodzi, amalemba mapangano, ndipo dziko likakana kupereka munthu popanda chifukwa, mawa nalonso lidzakanizidwa. Dziwaninso kuti bwalo limene likumva pempho lotere siliweruza ngati munthuyo analakwa kapena sanalakwe. Limangofunsa ngati n'koyenera kumtumiza. Pamenepa ndipo pamalowa nkhani ya matenda.

Nditenga zitsanzo zanga ku Britain, popeza kumeneko ndi kumene mabwalo alimbana nalo funsoli poyera kwa zaka zambiri. Lamulo lao la 2003 loona za kubweza oganiziridwa, pa ndime 91, likunena kuti woweruza akapeza kuti thupi kapena maganizo a munthuyo ali poti kumtumiza kungakhale kupanda chilungamo kapena kumpondereza, ayenera kuchita chimodzi mwa ziwiri: kummasula, kapena kuimitsa nkhaniyo kufikira atapeza bwino. Palinso Pangano la ku Ulaya la Ufulu wa Anthu, limene ndime yake yachitatu imaletsa kuzunza munthu kapena kumchitira zankhanza ndi zonyazitsa. Mu 1989 bwalo la ku Strasbourg, limene limasunga panganoli, linagamula mlandu wa Jens Soering, mnyamata wa ku Germany amene ankafunidwa ku Virginia pa mlandu wakupha. Linati dziko limene lapereka munthu likudziwa kuti akazunzika, nalonso lili ndi mlandu, silingasambe m'manja. Oweruzawo anaganizira zaka zambirimbiri zimene munthu amakhala akudikira kunyongedwa, ubwana wake, ndiponso mmene maganizo ake analili. Soering anatumizidwabe mu 1990, koma Amereka atalonjeza kuti sakamupha.

Tsono mverani za Gary McKinnon. Munthu uyu anabadwira ku Glasgow ndipo ankakhala ku London. Amereka anati pakati pa 2001 ndi 2002 analowa mozemba m'makompyuta 97 a asilikali ao ndi a bungwe la NASA, ali khale m'nyumba. Iye sanakane kuti analowa, koma anati ankafuna umboni wa zouluka zachilendo zochokera kunja kwa dziko lapansi, zimene ankakhulupirira kuti boma la Amereka likubisa. Anagwidwa mu 2002, ndipo nkhani inayenda m'mabwalo onse iye akugonja. Mu 2008 madokotala anapeza kuti ali ndi chimene ankachitcha Asperger. Imeneyi si misala ayi. Ndi chibadwa cha ubongo chimene chimachititsa munthu kukakamira chinthu chimodzi, kuvutika pomvana ndi anzake, ndiponso kusautsika kwambiri akachotsedwa pa malo ndi anthu amene anawazolowera. Pamwamba pa icho anali ndi nthenda ya kukhumudwa, ija imene imalanda munthu tulo, njala ndi chifuniro chokhala ndi moyo. Mai ake anayenda ponseponse kumpempherera chifundo. Pa 16 Okutobala 2012 Theresa May, amene pa nthawiyo anali nduna ya za m'dziko, anauza nyumba ya malamulo kuti samtumiza, chifukwa chiopsezo chakuti adzipha chinali chachikulu kotero kuti kumpereka kukanaphwanya ufulu wake. Patatha miyezi iwiri, Keir Starmer, mkulu wa oimira boma pa milandu, amene anadzakhala nduna yaikulu mu 2024, analengeza kuti McKinnon saimbidwanso mlandu ku Britain. Zaka khumi zathunthu munthu akugona ndi mantha, ndipo pomaliza sanaimepo pamaso pa bwalo lililonse kuti ayankhe mlandu weniweniwo. Anthu ena anadandaula kuti wandale anachita zimene oweruza anakana, ndipo mu 2013 lamulo linasinthidwa: mphamvu yoganizira za ufulu wa munthu pa nkhani zotere inachotsedwa m'manja mwa nduna n'kuperekedwa ku mabwalo.

Mwina wina mwa inu wanena kale mumtima kuti, "Nanga si aliyense adzangoti ndikadzipha?" Funso limenelo n'lanzeru, ndipo oweruza analiona. M'chaka chomwecho cha 2012, pa mlandu wotchedwa Turner, Bwalo Lalikulu linaika muyeso umene mabwalo a kumeneko akhala akuutsata. Linati khomo lake n'lopapatiza. Sikokwanira kuti munthu ali ndi chisoni kapena mantha, pakuti palibe amene amakondwa potengedwa kupita ku ndende ya dziko lachilendo. Payenera kukhala chiopsezo chachikulu ndithu chakuti adzadzipha ngakhale atatetezedwa motani. Bwalo liyenera kufunsanso ngati ndende za dziko lopemphalo zili ndi njira zomsamalira, ndiponso kukumbukira kuti mapangano a maiko ayenera kusungidwa. Koma mfundo imene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi iyi: linati nthendayo iyenera kukhala yoti yamlanda munthuyo mphamvu yokana maganizo odzipha. Ngati mphamvuyo akadali nayo, ndiye kuti chimene chingamuphe si nthenda koma kufuna kwake, ndipo kumtumiza si kumpondereza.

Abale anga, pa pepala mzere umenewu ukuoneka woongoka. Koma inu amene munakhalapo pafupi ndi munthu wotaya mtima mukudziwa kuti m'kati mwa munthu mulibe mzere wotere. Kodi nthenda imalekezera pati, ndipo kufuna kumayambira pati? Munthu yemweyo m'mawa akuseka ndi ana ake, usiku mdima wamuphimba, ndipo mukamfunsa iye mwini sangakuuzeni kuti ndani ankalamula m'mutu mwake pa ola limenelo. Madokotala a maganizo nawonso savomerezana nthawi zonse. M'bwalo limodzi mumapezeka dokotala woitanidwa ndi woganiziridwa akunena izi, woitanidwa ndi boma akunena izo, onse ophunzira, onse olumbira. Woweruza, amene sanaphunzire za mankhwala, ndiye ayenera kusankha. Pano ndiloleni ndipatuke pang'ono, poti Mpingo nawonso unayenda ulendo wake pa funso lomweli. Malamulo a Mpingo a 1917 ankamana mwambo wa maliro munthu amene wadzipha mwadala. Malamulo a 1983 sanabwerezenso chiletso chimenecho, ndipo Katekisimu wa 1992 akuphunzitsa kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo, kusweka mtima, kapena mantha aakulu a masautso ndi mazunzo, zingathe kuchepetsa kulakwa kwa munthuyo. Taonani kusiyana kwake: Mpingo ukuwerenga mantha aakulu pakati pa zinthu zofooketsa ufulu wa munthu, pamene bwalo likufuna kulekanitsa mantha ndi nthenda. Sindikunena kuti oweruza ndi ouma mtima. Iwo akufunsa funso lina, ndipo ali ndi maiko awiri owayang'ana. Koma ine ndikuona kuti muyeso wao ukufunsa dokotala chinthu chimene iye sangathe kuchiyeza ngati mmene amayezera kutentha kwa thupi. Ndipo poti tafika pamenepa, mbale wanu akakuuzani kuti watopa ndi moyo, musamseke, musamkalipire. Khalani naye ndipo mpite naye ku chipatala.

Mfundo ina ija, yakuti ndende ya kumeneko ikamsamala, inayesedwa pa mlandu wa Lauri Love. Nayenso ankafunidwa ndi Amereka pa nkhani ya makompyuta, nayenso anali ndi Asperger ndi nthenda ya kukhumudwa. Bwalo laling'ono linalola kuti apite mu 2016, nduna inasaina. Amereka anati musade nkhawa, ndende zathu zimadziwa kulondera anthu ofuna kudzipha. Koma pa 5 Febuluwale 2018 Bwalo Lalikulu linafunsa kuti kulondera kumeneko n'kotani. Munthu amaikidwa yekha m'chipinda, amamvula zovala zake n'kumveka chovala chosang'ambika, ndipo maso a mlonda sachoka pa iye. Zoonadi, m'chipinda chotere n'kovuta kuti adziphe. Koma bwalo linaona kuti kulondera si mankhwala. Njira yomweyo yomtetezera ndiyo ikanakulitsa nthenda yake, ndipo tsiku lomtulutsa m'chipindamo chiopsezo chikanabwerera chili chachikulu kuposa kale. Kwao ku England anali ndi makolo ake, ndipo bambo wake, mbusa wotumikira m'ndende, anaperekera umboni m'bwalo. Oweruza anakana kumtumiza, nati ngati pali mlandu aimbidwe komweko ku England.

Chigamulo chimenechi ine ndimachilemekeza, chifukwa chinazindikira kuti kusunga mpweya m'thupi la munthu ndi kusunga munthuyo ndi zinthu ziwiri. Bungwe la United Nations, m'malamulo ake a 2015 a kasungidwe ka akaidi, amene anawatcha dzina la Nelson Mandela, linati kutsekera munthu yekha maola 22 kapena kuposerapo pa tsiku, kwa masiku opitirira 15 otsatizana, n'koletsedwa, ndipo wodwala maganizo asatsekeredwe yekha ngati kutero kungakulitse matenda ake. Mandela mwini anazidziwa zipinda zotere.

Nanga dziko lopempha likamva kuti bwalo lakana, limachita chiyani? Limalemba kalata ya malonjezo. Haroon Aswat anagwidwa ku Zambia mu 2005 n'kutumizidwa ku Britain, ndipo Amereka ankamfuna pa mlandu wofuna kukhazikitsa malo ophunzitsira zigawenga ku Oregon. Ali m'ndende anadwala nthenda imene madokotala amaitcha schizophrenia, ija yochititsa munthu kumva mau amene ena sakuwamva ndi kukhulupirira kuti akusakidwa, ndipo mu 2008 anamsamutsira ku chipatala cha Broadmoor. Mu Epulo 2013 bwalo la ku Strasbourg linati kumtumiza kungakhale nkhanza. Amereka analonjeza za chisamaliro chimene akalandire, mabwalo anakhutira, ndipo mu Okutobala 2014 anakwera ndege. Chaka chotsatira anavomera mlandu nalamulidwa zaka 20.

Chimodzimodzi ndi Julian Assange, mwini WikiLeaks, amene anafalitsa makalata achinsinsi a boma la Amereka. Pa 4 Januwale 2021 woweruza Vanessa Baraitser anakana zifukwa zake zina zonse, za ufulu wa atolankhani ndi za ndale, koma anavomera chimodzi chokha: kuti maganizo ake anali poti akatsekeredwa yekha m'ndende yokhwima ya ku Amereka, adzapeza njira yodziphera. Amereka anachita apilo atanyamula malonjezo. Anati sakamuika m'ndende ya ADX Florence ku Colorado kapena pansi pa malamulo okhwima omletsa kulankhula ndi anthu, pokhapokha atachita china mtsogolo choyenera zimenezo. Anati adzalandira chithandizo cha madokotala, ndipo akapezeka wolakwa angathe kukagwira ukaidi kwao ku Australia. Pa 10 Disembala 2021 Bwalo Lalikulu linalandira malonjezowo n'kugwetsa chigamulo choyamba. Mwamva mau aja akuti "pokhapokha"? Lonjezo lokhala ndi khomo lakumbuyo, ndipo kiyi wake ali ndi wolonjeza yemweyo. Mabwalo amayankha kuti maiko ogwirizana ayenera kukhulupirirana, apo ayi palibe pangano limene lingaime, ndipo pamenepo akunena zoona. Koma munthu akangokwera ndege, woweruza wa ku London alibenso dzanja lofika kumene wapitako. Malonjezo a kwa Assange sanayesedwe n'komwe, chifukwa mu Juni 2024, atakhala zaka zisanu m'ndende ya Belmarsh, anavomera mlandu umodzi pa bwalo la Amereka la pa chilumba cha Saipan, zaka zimene anakhala kale zinawerengedwa ngati chilango chake, napita kwao.

Tsopano tiyeni titembenuze nsalu tione mbali inayo, kuopa kuti mungaganize kuti chifundo chilibe mtengo. Augusto Pinochet, amene analamulira dziko la Chile ndi asilikali kuyambira 1973 mpaka 1990, anagwidwa ku London mu Okutobala 1998 chifukwa woweruza wa ku Spain, Baltasar Garzón, ankamfuna pa milandu ya kuzunza ndi kupha anthu. Madokotala atamuyeza anati ubongo wake wafooka, sangathe kutsata mlandu. Mu Malichi 2000 nduna Jack Straw inamlola kubwerera kwao. Ndege itatera ku Santiago, nkhalamba ija imene inatsitsidwa pa njinga ya odwala inaimirira n'kuyamba kupereka moni kwa akuluakulu a asilikali. Kuimirira si umboni wakuti mutu uli bwino, zimenezo tivomereze. Koma ganizirani amai amene ana ao anasowa m'zaka za ulamuliro wake, akuonerera zimenezo. Pinochet anamwalira mu 2006 asanapezeke wolakwa m'bwalo lililonse.

Mlandu umene umandisautsa kwambiri ndi wa Shrien Dewani, chifukwa pamenepo mbali zonse ziwiri zinali ndi misozi. Mu Novembala 2010 iye ndi mkazi wake Anni, atangokwatirana kumene, anapita kukacheza ku Cape Town. Usiku wa pa 13 galimoto imene anakwera inalandidwa ku Gugulethu, mwamunayo anatsitsidwa, ndipo m'mawa mwake mtembo wa Anni unapezeka ku Khayelitsha atamuombera. Amuna atatu a ku South Africa, mmodzi wa iwo woyendetsa galimotoyo, anamangidwa n'kupatsidwa zilango, ndipo woyendetsayo ananena kuti mwamuna wa malemuyo ndiye anakonza chiwembu. Dewani anali atabwerera kale kwao ku Bristol. Iye anakana mlanduwo. South Africa inapempha kuti abwezedwe, koma madokotala anapeza kuti ali ndi nthenda yaikulu ya kukhumudwa pamodzi ndi ija ya mantha osatha imene imagwira anthu opulumuka pa zoopsa, ndipo anagonekedwa m'chipatala cha odwala maganizo.

Taonani msampha wake. Ngati anali wosalakwa, nthendayo inali chilonda cha munthu amene mkazi wake waphedwa ndipo iye akunamiziridwa. Ngati anali wolakwa, inali nthendabe. Dokotala sakanatha kunena kuti choona n'chiti, ndipo bwalo lomva pempho silinaloledwe kufunsa. Mu Malichi 2012 Bwalo Lalikulu linatenga njira yachiwiri ija ya ndime 91. Linati kumtumiza pa nthawiyo kukanakhala kumpondereza, koma chilungamo chikufuna kuti akangopeza bwino apite. Silinammasule, linangodikira. Miyezi inapita, zaka zinapita. Makolo a Anni ankachoka kwao ku Sweden kudzakhala pa mabenchi a mabwalo a ku London, kumva maloya akukambirana za tulo ndi mankhwala a mkamwini wao, pamene za mwana wao palibe amene ankazikamba.

Mu Januwale 2014 bwalo linapeza njira yapakati: apite, malinga boma la South Africa lilonjeze kuti akakhala wosatha kuyankha mlandu kwa nthawi yoikika, lidzambweza ku Britain. Lonjezo linaperekedwa, ndipo nthawiyo inali miyezi 18. Mu Epulo 2014 anafika ku Cape Town n'kugonekedwa m'chipatala cha Valkenberg, ndipo mu Ogasiti madokotala a kumeneko anati wapeza bwino, angathe kuima m'bwalo. Mlandu unayamba mu Okutobala. Pa 8 Disembala 2014, boma litamaliza kuitana mboni zake, woweruza Jeanette Traverso anati umboni wa mboni zazikuluzo unali wodzala ndi mabodza ndi kutsutsana, kotero kuti panalibe chifukwa choti woimbidwa mlandu ayankhe. Dewani anamasulidwa wopanda mlandu nabwerera ku England. Abale a Anni anatuluka m'bwalomo akulira. Anali atadikira zaka zinai kuti amve kuchokera pakamwa pa mkamwini wao zimene zinachitika usiku uja, koma mlanduwo unatha iye asanaitanidwe kuti apereke umboni.